Pamene Kavalo Analephera, Anasenza Ndi Agogo Athu

Ambiri mwa ife amene tinachoka ku Mangochi, kwa Makanjira, ku Salima ndi ku Nkhotakota n'kudzakhala ku Nkolokosa muno mu Blantyre tili ndi ana amene sanaonepo kavalo ndi maso awo. Amangomudziwira pa kanema ndi m'mabuku a kusukulu. Bulu amamudziwa, pakuti akapita kumudzi patchuthi amamuona akukoka ngolo. Kavalo yekha ndiye mlendo, ndipo wakhala mlendo m'dziko muno kuyambira kalekale. Ngakhale dzina lake ndi lobwereka: mawu akuti kavalo tinawatenga kwa Apwitikizi a m'chigwa cha Zambezi, monganso mawu akuti bulu ndi machila, pamene amalonda a kugombe la nyanja ya mchere ankamutchula kuti farasi.

Komabe inalipo nthawi imene Angerezi, kulikonse kumene amanga boma ndi msika, ankafulumira kulambulanso bwalo lothamangitsirapo akavalo. Anatero ku India, ku South Africa ndi ku Rhodesia. Limodzi mwa mabwalo amenewa linali ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, kumene agogo athu ochuluka anakagwira ntchito, ndipo bwalolo linazimirira kalekale. Mbiri yake tikufuna tiiwerenge pamodzi ndi mbiri ya kwathu kuno, kumene kavalo anakanika kukhazikika, chifukwa mbiri ziwirizi zikutifikitsa pa funso limodzi: pamene kavalo anali wa masewero, kapena pamene anali atafa, katundu wa dziko ankasenza ndani?

Bwalo la kumadzulo kwa Salisbury

Gulu la azungu lotumidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes, ya British South Africa Company, linafika pamalo pamene pali Harare mu September 1890. Patangopita zaka ziwiri, mu 1892, anakhazikitsa kalabu ya mipikisano ya akavalo yotchedwa Mashonaland Turf Club. Nthawi imeneyo Salisbury inali katauni ka nyumba zadothi ndi zamalata, kogawidwa pakati ndi dambo, amalonda ali kutsinde kwa kaphiri ka Kopje ndipo maofesi a boma ali kutsidya. Njanji yochokera ku Beira inadzafika mu 1899. Ngakhale nyumba ya msika ya njerwa, imene ilipobe mpaka lero, inamangidwa kalabu ya akavalo itayamba kale.

Changu chimenechi chinali ndi zifukwa zake. Kwa mtsamunda kavalo anali chida cha nkhondo, ndipo anamugwiritsa ntchito polimbana ndi mfumu Lobengula mu 1893 komanso pothana ndi kuukira kwa Andebele ndi Ashona mu 1896 ndi 1897. Kavalo analinso chizindikiro cha ulemu: wokwera amayang'ana woyenda pansi kuchokera pamwamba. Tsiku la mpikisano linkasonkhanitsa azungu a m'mafamu ndi a m'migodi amene ankakhala motalikirana, ndipo pabwalopo ankagulitsana ziweto, kumva nkhani ndi kubetcha ndalama. Bwalolo linali kumadzulo kwa tauni, mbali ya Belvedere, ndipo msewu wa m'mphepete mwake unapatsidwa dzina lakuti Rotten Row, lotengedwa ku njira ya okwera akavalo ya m'paki ya Hyde Park ku London.

Tauni imeneyi inakula ndi manja a anthu a kumpoto. Msonkho wa nyumba ndi kuchepa kwa malipiro ku Nyasaland zinachititsa amuna ambiri, Ayao, Atonga, Achewa ndi Angoni, kunyamuka wapansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi ndi kudutsa ku Mtoko, ulendo wa masabata angapo. M'zaka zoyambirira za m'ma 1900, pakati pa anthu akuda ogwira ntchito mu Salisbury, obwera kuchokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia ankachuluka kuposa eni nthaka. Ankagona ku lokeshoni ya Harari, imene inatsegulidwa mu 1907 ndipo lero ndi Mbare, ndipo kuchokera ku dzina limeneli makolo athu ankangoti wakuti anapita ku Halale. Anali ophika, osoka, operekera zakudya m'mahotela, osamalira maluwa ndi alonda. Asilamu a pakati pawo anamanga mizikiti m'malokeshoni, m'migodi ndi m'mafamu, kotero kuti mpaka lero Asilamu akuda ambiri a ku Zimbabwe amaloza kwathu kuno akafunsidwa kumene makolo awo anachokera.

Pa tsiku la mpikisano, munthu wakuda ndiye ankasita zovala za bwana ndi dona, kuphika chakudya, kumweta udzu wa akavalo ndi kusesa m'makola mwawo. Koma kalabu sinali yake, ndipo malo aulemu oonerapo sanali ake. Lamulo logawa nthaka la 1930 linatsindika tsankho limene linalipo kale, lakuti mzinda ndi wa azungu ndipo wakuda alimo ngati wantchito chabe. Mayina a akavalo opambana ankalembedwa m'nyuzipepala ndi pa zikho. Mayina a anthu amene ankadzuka mbandakucha kukawapatsa madzi sankalembedwa pamenepo.

Chimene chinachotsa bwalo la ku Belvedere ndi kukula kwa mzinda. Mu 1953 Salisbury inakhala likulu la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chuma cha mayiko atatu chinayamba kuunjikana kumeneko, ndipo malo a pafupi ndi pakati pa mzinda anakwera mtengo. Mu 1958 mipikisano inasamukira ku bwalo latsopano la Borrowdale Park, kumpoto kwa mzindawo. Pamalo akale anamangapo nyumba yosungiramo zinthu zakale, laibulale ndi makhoti, ndipo munthu wopita kukhoti ku Rotten Row lero saona chilichonse chomukumbutsa za akavalo kupatula dzina la msewu. Dera la Belvedere lenilenilo limadziwika tsopano ndi mabanja a amwenye, ambiri mwa iwo Asilamu, ndi mizikiti yawo.

Chaka chomwecho cha 1958, pa 6 July, Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pa Chileka kudzatsogolera nkhondo yothetsa chitaganya. Pamene azungu a ku Salisbury ankazolowera bwalo lawo latsopano, kuno zinthu zinali zitatentha, mpaka pa 3 March 1959 boma linalengeza za ngozi m'dziko, n'kutsekera anthu ku Kanjedza ku Limbe ndi kutumiza atsogoleri kundende za ku Southern Rhodesia. Mabwalo ena a akavalo anadzatha pambuyo pake: la Ascot ku Bulawayo linatsekedwa mu 2001, ndipo la Clairwood ku Durban, limene linatsegulidwa mu 1921, linaona mpikisano wake womaliza mu 2014 n'kusanduka malo osungiramo katundu wa makampani.

Okwera akavalo a ku Hyderabad

Tsopano tibwerere kwathu, ndipo tibwererenso m'mbuyo mpaka mu 1891, chaka chimene Britain inalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake. Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, analibe gulu la nkhondo. Anatuma Captain Cecil Maguire kukalemba asilikali ku India, ndipo anabwera nawo pafupifupi 70. Ena anali a chipembedzo cha Sikh, oyenda pansi, ndipo ena anali Asilamu okwera akavalo ochokera m'magulu a nkhondo a ku Hyderabad. Maganizo anali akuti kavalo achite kuno zimene anachita kwina, kuthamangitsa adani m'zigwa ndi kuopseza midzi.

Adani amene boma linkawalinga anali mafumu a Chiyao a kumwera kwa nyanja, Mponda, Makanjira ndi Jalasi, amene ankalamulira njira za malonda a minyanga ndi akapolo zopita kugombe. Motero m'nkhondo zoyambirira za boma la atsamunda, Asilamu a ku India anapezeka akuyang'anizana ndi mafumu amene m'midzi yawo Chisilamu chinali chitayamba kuzika mizu. Linga la Fort Johnston, chiyambi cha tauni ya Mangochi, linamangidwa chaka chomwecho moyang'anana ndi mudzi wa Mponda. Mu December 1891 Maguire anaphedwa m'mphepete mwa nyanja polimbana ndi anthu a Makanjira, ndipo linga limene linadzamangidwa m'dera la Makanjira atagonjetsedwa mu 1893 linatchedwa Fort Maguire. Jalasi anachotsedwa paphiri la Mangochi mu 1895.

M'nkhondo zonsezi kavalo sanathandize kanthu. Akavalo sankakhalitsa ndi moyo, ndipo amuna amene anaphunzitsidwa kumenya nkhondo ali pamsana pa nyama anakhala oyenda pansi ngati anzawo. Magulu amene anabwera kuchokera ku India mu 1893 anali a asilikali oyenda pansi. Chimene chinapambanitsa boma chinali sitima za panyanja zokhala ndi mizinga, mfuti zamphamvu, ndi mizere ya amuna osenza zipolopolo ndi chakudya pamutu.

Adani awiri a kavalo

Mdani woyamba anali ntchentche yotchedwa kashembe, imene inkapezeka m'nkhalango za m'zigwa zotentha, m'mbali mwa Shire ndi m'madera ena a kunyanja. Ikaluma nyama zakutchire imatenga tizilombo ta m'magazi timene nyamazo zimakhala nato osadwala, ndipo ikaluma kavalo kapena ng'ombe imatisiya m'menemo. Chiwetocho chimawonda, kufooka, kenaka n'kufa. David Bruce ndiye anatsimikiza mu 1895, ali ku Zululand, kuti matendawa amayamba ndi tizilombo timeneti ndipo amafalitsidwa ndi kashembe. Bruce yemweyo anadzabwera ku Nyasaland pakati pa 1911 ndi 1914 kudzafufuza matenda a kaodzera, amene ndi mtundu wa matenda omwewo ukagwira munthu, ndipo anali atavuta m'dera la Domira Bay.

Mdani wachiwiri ankafika ngakhale kumene kulibe kashembe. Awa ndi matenda a akavalo okhaokha, ofalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'onoting'ono, ta msinkhu ngati wa nkhungu za panyanja koma toluma, timene timachuluka madzulo ndi usiku m'nyengo ya dzinja. Mbidzi zimakhala ndi kachilombo kake osadwala kwenikweni, bulu amapirira, koma mwa akavalo 10 ogwidwa, mpaka 9 amatha kufa, mapapo atadzaza madzi. Matendawa anavutitsanso Salisbury, kotero kuti kavalo amene anadwalapo n'kuchira ankagulidwa pa mtengo wokwera kwambiri. Katemera wodalirika anadzapezeka m'zaka za m'ma 1930 ku Onderstepoort ku South Africa.

Kusiyana kwa Salisbury ndi kwathu kunali pa njira. Salisbury ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo akavalo atsopano ankabwera kuchokera kumwera kudzera m'dziko lokwera lopanda kashembe. Blantyre, imene ili pa mamita pafupifupi 1,000, ndi Zomba nazonso ndi malo ozizirirapo, koma khomo lolowera linali Chinde, Zambezi ndi chigwa cha Shire. Kavalo aliyense wobwera kuno ankayenera kudutsa kaye m'dziko la matenda asanakwere mapiri. Amalonda a Chiswahili anali atadziwa kale zimenezi, n'chifukwa chake olemera a pakati pawo ankakwera abulu oyera a ku Muscat.

Ngakhale zinali choncho, azungu sanasiye kulakalaka moyo wa pakavalo. Mu 1896 anakhazikitsa Blantyre Sports Club ndi Zomba Gymkhana Club. Mawu akuti gymkhana anabwera nawo kuchokera ku India, kumene Angerezi ankatchulira motero malo a masewero, ndipo m'Chingerezi anadzatanthauza tsiku la mipikisano ya okwera akavalo. Dzinalo lilipobe pa kalabu ya ku Zomba, koma masewero amene anakhazikika pamabwalo a makalabu awiriwa ndi gofu, tenisi, kriketi ndi mpira. Pafupifupi nthawi yonse ya ulamuliro wa atsamunda, munthu wakuda ankalowa m'makalabu amenewa ngati woperekera zakumwa, wotchetcha kapinga kapena wonyamula thumba la ndodo za gofu.

Machila ndi mtengatenga

Kusenza katundu wa ena sikunayambe ndi azungu, ndipo ife a kunyanja tiyenera kuvomereza zimenezi poyera. Azungu asanabwere, minyanga ya njovu yochoka ku Nkhotakota kwa Jumbe, kwa Makanjira ndi kwa Mponda inkafika ku Kilwa ndi ku magombe ena itasenzedwa ndi anthu. Ena anali amalonda ndi olembedwa ntchito, koma ena anali akapolo ogwidwa m'midzi ya Amang'anja ndi Achewa, amene akafika kugombe ankagulitsidwa pamodzi ndi katundu amene asenza. Nsalu, mikanda, mfuti ndi onga zinkabwera kuno m'njira yomweyo. Ena mwa ife ndife zidzukulu za eni malondawo, ena ndife zidzukulu za osenzawo, ndipo m'mabanja ambiri magazi awiriwa anasakanikirana.

Atsamunda anathetsa ukapolo, koma mutu wa munthu anausunga ngati ngolo yawo. Mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa mu 1876 m'dziko la mfumu Kapeni, ndipo kampani ya African Lakes ya abale awiri John ndi Frederick Moir itayamba malonda mu 1878, chilichonse chochokera kunja chinkatsitsidwa m'sitima kumunsi kwa mathithi a Shire n'kukwera mapiri pamutu pa amtengatenga. Malata, mipando, zitsulo za makina, ngakhale zidutswa za sitima zokalumikizidwa kunyanja, zonse zinadutsa pamenepo. Mtolo wa munthu mmodzi unkalemera makilogalamu pafupifupi 25. Njanji inadzafika mu Blantyre mu 1908, koma kuchoka pamene njanji yathera kupita ku Zomba, ku Fort Johnston ndi m'maboma ena, munthu anapitirizabe kusenza mpaka magalimoto atachuluka m'zaka za m'ma 1920.

Mzungu mwini wake naye ankasenzedwa. Machila anali nsalu yolimba yomangidwa pa mtengo wautali wa nsungwi, yokhala ndi kadenga kotchinga dzuwa. Gulu la amuna 12 kapena kuposerapo linkatsagana ndi machila amodzi, ena atasenza ena akuthamanga pambali kudikira kulandira, akuyimba kuti mapazi agwirizane. Ulendo wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, wa makilomita oposa 60, ankatha kuumaliza tsiku limodzi. Misewu itayamba kusalala kunabwera gareta, kampando ka mawilo kokokedwa ndi kukankhidwa ndi anthu. Ntchito imene ku mayiko ena inali ya kavalo, kuno inali ya mwana wa munthu.

Boma linali ndi njira yopezera anthu amenewa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkho wa nyumba unali mashiling'i 6, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira 3 okha. M'minda ya azungu ya kumapiri a Shire munali thangata, kugwira ntchito m'malo mwa lendi pa nthaka imene kale inali ya makolo. Mwamuna wofuna kupewa zonsezi ndiye ankatenga njira ya ku Tete ija. Motero amene anasesa m'makola a ku Salisbury ndi amene anasenza machila pa msewu wa Zomba nthawi zambiri anali a mudzi umodzi, othawa kapena olipira msonkho womwewo.

Nkhondo ya 1914

Mtolo unafika polemera kwambiri pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anthu a ku Mangochi amaudziwa mzinga wa sitima ya Guendolen umene uli pafupi ndi nsanja ya wotchi, sitima imene mu August 1914 inaombera sitima ya Ajeremani pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli. Nkhondo itasamukira m'dziko la Ajeremani la Tanganyika, asilikali a ku South Africa anabwera ndi akavalo ndi nyulu zambirimbiri, ndipo mu 1916 nyamazo zinafa ndi kashembe ndi matenda ena mwa zikwizikwi. Gulu la General Edward Northey, limene linkamenya nkhondo kuchokera ku Nyasaland, linkadalira katundu wodzera ku Limbe, ku Zomba ndi ku Fort Johnston, wowoloka nyanja pa sitima, kenaka n'kukwera mapiri a kutsidya pamutu pa anthu.

Dziko la anthu ongopitirira pang'ono 1 miliyoni linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Ambiri anatengedwa mokakamiza kudzera mwa mafumu ndi amesenjala a boma, ndipo minda inatsala ndi amayi ndi okalamba. Njala, kamwazi, chibayo ndi kuzizira kwa m'mapiri zinapha ochuluka, ndipo otsala anabwerera kumudzi pamodzi ndi chimfine choopsa cha 1918. John Chilembwe anali atadandaula kale kumapeto kwa 1914, m'kalata yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, za kufera nkhondo ya eni ake, asanayambitse kuukira kwa mu January 1915.

Ku Zomba kuli nsanja yokumbukira asilikali a King's African Rifles. Amtengatenga ambiri anakwiriridwa m'mbali mwa njira popanda chizindikiro. Mu 2021 bungwe losamalira manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, ndipo mwina mpaka 350,000, makamaka a kum'mawa kwa Africa ndi a ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu. Pakati pa anthu amenewa pali abale a agogo athu amene nyumba zawo zinawadikira osabwera.

Bwalo la anthu onse

Kuchokera ku Nkolokosa kukafika ku Chichiri ndi ulendo wapansi. Kumeneko kuli bwalo limene linamangidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi dzina la Rangeley, ndipo lero ndi Kamuzu Stadium. Pabwalo limenelo, usiku wolowa pa 6 July 1964, mbendera ya Britain inatsitsidwa ndipo ya Malawi inakwera. Masewero amene anadzaza bwaloli ndi mpira wa miyendo, umene sufuna khola, katemera kapena udzu womweta, umene mwana wa ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa amauyamba ndi mpira wa mapepala. Tsiku limene Maule akumana ndi Manoma, zidzukulu za osenza machila ndizo zimakhala pa mipando, ndipo ndizonso zimathamanga m'bwalo. Pafupi pomwepo, pa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, pali mutu wa sitima ya malasha ndi basi yakale, zina mwa zinthu zimene zinatula makolo athu mtolo.

Kwa Msilamu, kuthamangitsa akavalo pakokha si chinthu chachilendo. M'mabuku a Hadith a Bukhari ndi Muslim muli nkhani yochokera kwa Abdullah ibn Umar yakuti Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anachititsa mpikisano ku Madina: akavalo okonzedwa bwino anathamanga kuchokera ku Hafya kukafika ku Thaniyyatul Wada, mtunda wa mamailosi 5 kapena 6, ndipo osakonzedwa anathamanga mtunda wa mailo imodzi kukathera pa mzikiti wa Banu Zurayq. Chimene chinkasiyanitsa mabwalo ngati la Belvedere ndi mpikisano wa ku Madina ndi zinthu ziwiri, tsankho la khungu ndi njuga ya oonerera, imene Qur'an mu Surah Al-Ma'idah imaiika pamodzi ndi mowa pa zinthu zoyenera kuzitalikira. Tsankho la m'malamulo linatha. Njuga ndiyo inasamuka m'mabwalo a akavalo n'kulowa m'timashopu ta m'matauni ndi m'mafoni a anyamata athu, kumene amabetcha pa mpira wa ku England ndalama zimene azipeza popalasa kabaza kapena posenza matumba.

Pakuti kusenza sikunathe. M'mamawa uliwonse ku msika wa Limbe ndi wa Blantyre kumakhala anyamata odikira matumba a chimanga, a makala ndi a usipa wochokera kwathu kunyanja, kuti awakweze pamutu kapena pa wilibala. Ambiri mwa ife amalonda timawatuma tsiku ndi tsiku, timanenerera nawo mtengo mpaka pa kwacha yomaliza, ndipo sitiwafunsa dzina. Munthu amene wamva zimene zinachitikira amtengatenga sayenera kuchita chimodzimodzi kwa mnyamata amene wamusenzera thumba. Amulipire thukuta lisanaume, monga tinaphunzitsidwira kumadrasa, ndipo adziwe kuti ndi mwana wa yani.

Palinso ntchito ina imene ili m'manja mwa banja lililonse, ndipo nthawi yake ikutha. M'midzi yathu akadalipo okalamba amene anamva kwa atate awo za ulendo wa ku Halale, za nkhondo ya amtengatenga ndi za machila a bwana wa boma. Tikapita kumudzi pa Eid kapena pa sadaka, titenge kope ndi cholembera, tikhale nawo pamphasa, tiwafunse kuti anapita ndani, anadzera njira iti, anabwerera kapena anatchona, ndipo anaikidwa kuti. Tilembe dzina la munthuyo, la atate ake ndi la mudzi wake, kenaka kopelo tilisunge pamodzi ndi mapepala a nyumba, kuti ana athu a ku Nkolokosa adzalipeze.